Kodi kampani ingagule maganizo a ovota? Nkhani ya Cambridge Analytica

Funso

Ndine mphunzitsi wa pasekondale, ndipo ophunzira anga andifunsa nkhani imene yandisowetsa poyambira. Akuti kuli makampani akunja amene amatenga zambiri za anthu pa Facebook, n'kuphunzira khalidwe la munthu aliyense, kenako n'kumutumizira mauthenga omusinthitsa maganizo pa chisankho, ndipo akuti umu ndi mmene Donald Trump ndi Uhuru Kenyatta anapambanira. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga zingachitike kuno kwathu?

Yankho

Aphunzitsi, zimene ophunzira anu amva zili ndi choonadi chambiri, koma choonadicho chaphatikana ndi kudzitama kwa makampani omwewo, ndipo m'pofunika kuti tilekanitse ziwirizi. Makampaniwa alipodi, amalipidwa ndalama zankhaninkhani, ndipo ena anachita zinthu zophwanya malamulo zimene zinatsimikizika. Koma chikhulupiriro chakuti kompyuta ikhoza kuwerenga mtima wa munthu n'kumuchotsa kuchipani chake kumupititsa ku china chili ndi umboni wofooka kwambiri. Ngozi yeniyeni ili pena: pa kutenga zambiri za anthu popanda kuwapempha, pa mauthenga amene mwini wake sadziwika, pa kuopseza anthu ndi kuwagwetsa ulesi kuti asakavote, ndiponso pa ndalama zimene palibe akudziwa kumene zachokera.

Kampani imene ophunzira anu akunena ndi Cambridge Analytica. Inakhazikitsidwa mu 2013 ngati nthambi ya kampani ina ya ku Britain yotchedwa SCL Group, imene kwa zaka zambiri inkagulitsa ntchito yosintha khalidwe la anthu kwa maboma, kwa asilikali ndi kwa andale a m'mayiko osiyanasiyana. Mponda matiki wa ku America, Robert Mercer, anaikamo madola 15 miliyoni. Steve Bannon, amene pambuyo pake anatsogolera kampeni ya Trump, anali mmodzi wa akuluakulu ake. Ndipo woiyendetsa tsiku ndi tsiku anali Alexander Nix. Kampaniyi sinali nthambi ya yunivesite ya Cambridge, ngakhale kuti nzeru imene inkagulitsa inachokera m'kafukufuku wa kumeneko. Lingaliro lake silinali latsopanonso. Kalelo mu 1960, kampani ya Simulmatics inagawa ovota a ku America m'magulu 480 pogwiritsa ntchito kompyuta, n'kugulitsa malangizo ake ku kampeni ya John F. Kennedy, ndipo nayonso inadzitama kuti ndi imene inam'pambanitsa.

Kafukufuku wa ku Cambridge uja anali wotere. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu ali ndi njira yakale yoyezera khalidwe la munthu pa mbali zisanu: mmene amakondera zinthu zatsopano, mmene amachitira zinthu mwadongosolo, mmene amakondera kucheza ndi anthu, mmene amagwirizanira ndi anzake, ndi mmene amachitira nkhawa. Kale, kuti muyeze zimenezi munkafunika kum'khazika munthu pansi kuti ayankhe mafunso ambirimbiri. Mu 2007, David Stillwell anaika mafunso otere pa Facebook m'pulogalamu yotchedwa myPersonality, ndipo anthu mamiliyoni anayankha mongosewera, ambiri n'kulolanso kuti ofufuza aone zinthu zimene anadinapo Like. Mu 2013, Michal Kosinski, Stillwell ndi Thore Graepel anasindikiza zimene anapeza pa anthu 58,000: poyang'ana ma Like okha, kompyuta inkatha kusiyanitsa mzungu ndi munthu wakuda wa ku America maulendo 95 pa 100 aliwonse, mwamuna ndi mkazi maulendo 93, ndiponso wotsatira chipani cha Democratic ndi wa Republican maulendo 85. Kafukufuku wina wa mu 2015 anasonyeza kuti ndi ma Like 10 kompyuta inkalosera mayankho a munthu pa mafunso a khalidwe kuposa wogwira naye ntchito, ndi 70 kuposa mnzake, ndi 150 kuposa wachibale, ndipo ndi 300 kuposa mkazi kapena mwamuna wake.

Manambala amenewa ndi enieni, koma tiwamve bwino. Kulosera mtundu wa munthu kapena chipani chake kunali kosavuta, ndipo zipani za ku America zinali kale ndi njira zodziwira zimenezi kuchokera m'kaundula wa ovota. Kulosera khalidwe la mumtima, komwe ndiko kunali malonda enieni a Cambridge Analytica, kunali kofooka kwambiri poyerekeza ndi zinazo. Ndipo kudziwa kuti munthu ndi wankhawa si kudziwa mawu amene angam'chititse kusiya chipani chimene bambo ake ndi agogo ake ankavotera.

Kuti kampaniyi ipeze zambiri za anthu, inagwirizana ndi mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Cambridge, Aleksandr Kogan, amene anali ndi kampani yake ya Global Science Research. Mu 2014 iye anakonza pulogalamu ya mafunso imene imadziwika ndi dzina lakuti thisisyourdigitallife. Munthu ankalipidwa madola ochepa chabe kuti ayankhe mafunsowo, koma kuti alandire malipirowo ankayenera kulowa kudzera pa akaunti yake ya Facebook n'kudina batani lovomereza. Akangodina, pulogalamuyo inkakoka dzina lake, tsiku lobadwa, dera limene akukhala ndi ma Like ake, kenako inkakokanso zofananazo za anzake onse a pa Facebook, anthu amene sanaone n'komwe pulogalamuyo ndipo sanafunsidwe kanthu. Malamulo a Facebook a nthawiyo ankalola zimenezi. Chimene sankalola ndi kugulitsa zinthuzo kwa ena. Amene anayankha mafunso anali pafupifupi 270,000, koma kudzera mwa iwo pulogalamuyo inafikira anthu amene Facebook yomwe inavomereza pambuyo pake kuti akhoza kukwana 87 miliyoni. Nyuzipepala ya The Guardian inalemba za nkhaniyi koyamba mu December 2015. Facebook inauza okhudzidwawo kuti afufute zonse, inalandira makalata otsimikiza kuti afufuta, ndipo inakhala chete osauza eni ake a zinthuzo kwa zaka zoposa ziwiri.

Mmene Nix ankagulitsira malonda ake tikhoza kuona pa zimene analankhula ku msonkhano wa Concordia ku New York mu September 2016. Ananena kuti kampani yake inali ndi mfundo pakati pa 4,000 ndi 5,000 zokhudza munthu wamkulu aliyense wa ku America. Kenako anaonetsa zithunzi ziwiri zokopera anthu pa nkhani ya ufulu wokhala ndi mfuti. Kwa munthu wankhawa komanso wadongosolo, chithunzi chinali cha dzanja la wakuba likuswa galasi la zenera, ndipo uthenga wake unali wakuti mfuti ndi chitetezo cha banja. Kwa munthu wokonda miyambo ya makolo komanso wogwirizana ndi anzake, chithunzi chinali cha bambo ndi mwana wake ali kutchire dzuwa likulowa, mfuti zili m'manja, ndipo uthenga wake unali wakuti uwu ndi mwambo umene bambo amasiyira mwana. Nkhani imodzi, mauthenga awiri, ndipo aliyense sakudziwa zimene mnzake waona. Ndi malonda okoma kumva, ndipo n'zosadabwitsa kuti andale anatsegula zikwama zawo.

Koma tiyeni tione zotsatira. Woyamba kugula ntchitoyi pa mpikisano wa upulezidenti anali Ted Cruz, amene analipira madola oposa 5 miliyoni. Anapambana ku Iowa mu February 2016 pa zisankho zachipulula za chipani cha Republican, kampaniyo inadzitama, koma kenako anagonja kwa Trump, yemwe pa nthawiyo analibe akatswiri otere. Anthu amene anagwira ntchito m'kampeni ya Cruz anadandaula poyera kuti njira yoyeza khalidweyo sinawathandize. Banja la Mercer litasamukira kwa Trump, kampaniyo inasamuka nalo ndipo inalipidwa madola pafupifupi 5.9 miliyoni, koma mu March 2017 nyuzipepala ya The New York Times inalemba kuti akuluakulu a kampaniyo anavomera kuti m'kampeni ya Trump sanagwiritse ntchito njira yoyeza khalidwe ija. Ofesi yoteteza zambiri za anthu ku Britain, yotchedwa ICO, inalanda makompyuta a kampaniyo mu 2018 ndi kuwafufuza kwa nthawi yaitali. Mu October 2020 mkulu wake, Elizabeth Denham, analembera Nyumba ya Malamulo kuti njira zimene anazipeza zinali zodziwika kale ndipo aliyense akanatha kuzigula, kuti ngakhale ogwira ntchito m'kampaniyo ankakayikira kulondola kwa zolosera zawo, ndiponso kuti kampaniyo sinagwire ntchito m'kampeni yotulutsa Britain mu European Union kupatula zokambirana zoyambirira. Nix anali ngati sing'anga amene amatchula odwala amene anachira okha, osatchula amene anawaika m'manda; vuto n'lakuti amene ankadana naye, pofuna kusonyeza kuopsa kwake, anam'thandiza kufalitsa mbiri ya mankhwala akewo.

Pamenepa kafukufuku wa akatswiri odziimira paokha ndi wothandiza, chifukwa nkhani yokopa ovota yayesedwa kwambiri, mwa njira yogawa anthu m'magulu awiri mwachisawawa, gulu lina n'kulandira uthenga, lina ayi. Mu 2018, Joshua Kalla ndi David Broockman anasonkhanitsa zoyesa zotere 49 ndipo anapeza kuti pa chisankho chachikulu cha ku America, mphamvu ya makalata, mafoni, zotsatsa ndi kuyendera anthu pakhomo posintha munthu amene wovota wasankha ndi yaing'ono zedi, pafupifupi kulibe. Chifukwa chake n'chomveka: pofika tsiku lovota anthu amakhala atamva kale zambiri za opikisanawo, amakhala ndi chipani chawo, ndipo uthenga uliwonse umakumana ndi uthenga wotsutsa. Pali kafukufuku wa mu 2017 wa Sandra Matz ndi anzake amene anafikira anthu oposa 3.5 miliyoni pa Facebook ndi kupeza kuti zotsatsa zogwirizana ndi khalidwe la munthu zinkagulitsa katundu wambiri, mwina mpaka theka kuwonjezera. Koma katunduyo anali zodzoladzola ndi timasewera ta pafoni. Kugula mafuta odzola ndi kusankha mtsogoleri wa dziko si zinthu zofanana kulemera.

Pali chinthu china, komabe, chimene sayansi ya khalidwe imachitha bwino, ndipo apa m'pamene ndikufuna ophunzira anu atchere khutu. Kusintha amene munthu akum'funa n'kovuta, koma kusintha zoti apite kukavota kapena akhale kunyumba n'kotheka. Mu 2006, ku Michigan, Alan Gerber, Donald Green ndi Christopher Larimer anayesa makalata osiyanasiyana pa mabanja pafupifupi 180,000. Kalata ina inkangokumbutsa kuti kuvota ndi udindo wa nzika, ndipo inathandiza pang'ono. Koma kalata ina inali ndi mndandanda: dzina la wolandira, mayina a anansi ake, ndi pambali pa dzina lililonse mawu osonyeza ngati munthuyo anavota kapena sanavote pa zisankho zapitazo, pamodzi ndi chenjezo lakuti chisankho chikatha mndandanda watsopano udzatumizidwanso kwa onse. Mwa amene sanalandire kalata, pafupifupi 30 pa 100 aliwonse anavota. Mwa amene analandira kalata ya anansiyo, anavota pafupifupi 38. Palibe amene anayeza khalidwe la munthu aliyense payekha. Chimene chinagwira ntchito ndi manyazi, chinthu chimene aliyense wokhala pakati pa anthu amachidziwa. Facebook yomwe inayesa zofanana pa anthu 61 miliyoni pa chisankho cha mu 2010, poonetsa munthu nkhope za anzake amene avota kale, ndipo ofufuza anawerengera kuti uthenga umodziwo unawonjezera mavoti pafupifupi 340,000.

Nzeru yomweyi ikhoza kutembenuzidwa kuti igwetse anthu ulesi. Mu October 2016, mmodzi wa akuluakulu a kampeni ya Trump anauza atolankhani a Bloomberg kuti anali ndi ntchito zitatu zochepetsa mavoti a Hillary Clinton, amene ankapikisana ndi Trump, zolunjika kwa azungu okonda kusintha zinthu, kwa amayi achitsikana ndi kwa anthu akuda. Mu 2020, wailesi yakanema ya Channel 4 ya ku Britain inapeza kaundula wa kampeniyo wa ovota pafupifupi 200 miliyoni, momwe anthu akuda okwana 3.5 miliyoni anaikidwa m'gulu la ofunika kuwalepheretsa kuvota. A kampeniyo anakana kuti anachita zotere. Trump anapambana ku Michigan, Wisconsin ndi Pennsylvania ndi mavoti osakwana 80,000 kuphatikiza zigawo zonse zitatu. Pa kusiyana kochepa chonchi chinthu chilichonse chikhoza kutchedwa chifukwa, kuyambira mauthenga a pa intaneti mpaka kalata yokhudza kufufuza Clinton imene mkulu wa bungwe lofufuza milandu la FBI, James Comey, analemba masiku omaliza a kampeni, choncho amene amanena motsimikiza kuti kampani imodzi ndi imene inapambanitsa Trump akunena zoposa umboni. Koma zikusonyezanso chifukwa chimene andale amalipirira ntchitoyi: pa mpikisano wothina, ngakhale kusuntha munthu mmodzi pa 100 n'kokwanira.

Tibwere ku Kenya, kumene nkhaniyi ikutiyandikira. Pakati pa November 2017 ndi January 2018, mtolankhani wa Channel 4 anadzisandutsa nthumwi ya banja lolemera la ku Sri Lanka ndipo anakumana ndi akuluakulu a Cambridge Analytica m'mahotela a ku London, kamera itabisidwa. Mark Turnbull, amene ankayang'anira ntchito zandale za kunja, anajambulidwa akunena kuti kampaniyo inayendetsa kampeni ya Kenyatta mu 2013 ndi mu 2017, kuti inasintha maonekedwe a chipani kawiri, inalemba mfundo za chipanicho, inachita kafukufuku wofunsa anthu zikwizikwi, ndipo inalemba zolankhula za mtsogoleriyo. Akuluakulu a chipani cha Jubilee anayankha kuti SCL inawathandiza pa maonekedwe a chipani basi. Taonani kuti pa zonse zimene Turnbull anatchula, ma Like a pa Facebook palibepo. Chida chachikulu chinali kafukufuku woyenda khomo ndi khomo. Kampaniyo inalemba pa tsamba lake kuti pokonzekera chisankho cha 2013 inafunsa anthu 47,000, ndipo inapeza kuti zimene zinkawadetsa nkhawa kwambiri zinali kusowa kwa ntchito ndi ziwawa za pakati pa mitundu. M'dziko limene anthu oposa 1,000 anaphedwa pambuyo pa chisankho cha 2007, kudziwa mantha a mtundu uliwonse ndi chida chakuthwa konsekonse.

Mu 2017 anthu a ku Kenya anaona pa intaneti kampeni yotchedwa The Real Raila, imene inali ndi kanema woonetsa dziko litasanduka bwinja, anthu akuthamangitsidwa m'nyumba zawo, ngati Raila Odinga angapambane. Kanemayo sanasonyeze amene anam'lipirira. Bungwe la Privacy International litafufuza linapeza kuti kampeniyo inakonzedwa ndi kampani ya Harris Media ya ku Texas. Cambridge Analytica inakana kuti inatengapo mbali. Tikumbukenso kuti Khothi Lalikulu la ku Kenya, motsogozedwa ndi David Maraga, linathetsa zotsatira za chisankhocho pa 1 September 2017 chifukwa cha zolakwika pa katumizidwe ka zotsatira, osati chifukwa cha mauthenga okopa anthu; nkhani ziwirizi anthu amakonda kuzisakaniza. Ku Nigeria mu 2015, kampaniyi inalembedwa ntchito ndi munthu wina wolemera amene ankafuna kuti Goodluck Jonathan apitirize kulamula, ndipo panafalitsidwa kanema wa zithunzi zoopsa za anthu akuphedwa, wonena kuti Muhammadu Buhari adzakakamiza dziko lonse kutsatira malamulo a Sharia. Buhari anapambanabe.

Pa kamera yobisika ija, Nix ananenanso zinthu zimene sizikhudzana ndi sayansi ngakhale pang'ono: kutumiza munthu wonamizira kukhala wamalonda kuti akapereke ziphuphu kwa wopikisana naye n'kumujambula, kapena kutumiza atsikana a ku Ukraine kunyumba kwake. Turnbull anafotokoza kuti uthenga umalowetsedwa m'intaneti mwa njira yoti wina asadziwe kumene wachokera, chifukwa munthu akangozindikira kuti ndi propaganda amafunsa kuti wautumiza ndani. Kampaniyo inati akuluakulu akewo ankangomuyesa mlendoyo. Kwa ine, mawu a Turnbull amenewa ndiwo mtima wa nkhani yonse. Wandale akaima pansanja n'kunama, atolankhani amamva, otsutsa amayankha, ndipo bodzalo limam'tsata. Koma uthenga wopita kwa anthu osankhidwa okha, wopanda dzina la mwini wake, sungayankhidwe, chifukwa amene akanauyankha sakudziwa n'komwe kuti ulipo. Munthu mmodzi akhoza kulonjeza alimi china, n'kulonjeza amalonda chotsutsana nacho, onse n'kumuvotera. Chisankho chimafuna kuti anthu akangane pa nkhani imodzi poyera, ndipo njira imeneyi imaphwanya zimenezo ngakhale itapanda kusintha voti ya munthu ndi mmodzi yemwe.

Zonse zinaululika mu March 2018, pamene Christopher Wylie, amene anagwirapo ntchito m'kampaniyo, anapereka zikalata kwa Carole Cadwalladr wa nyuzipepala ya The Observer ndi kwa The New York Times. Mark Zuckerberg anaitanidwa ku Nyumba ya Malamulo ya ku America mu April, ndipo mu May kampaniyo inatseka. Facebook inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 500,000 ku Britain, chomwe chinali chachikulu kwambiri chimene lamulo lakale linkalola, ndi cha madola 5 biliyoni ku America mu 2019. Mu 2022 inavomera kulipira madola 725 miliyoni pa mlandu umene ogwiritsa ntchito tsambalo anaisumira. Nix analetsedwa kuyendetsa kampani ku Britain kwa zaka 7 kuyambira mu 2020. Koma malondawo sanathe. Mu February 2023, gulu la atolankhani logwirizanitsidwa ndi bungwe la Forbidden Stories linaulula kagulu ka ku Israel kotchedwa Team Jorge, kotsogozedwa ndi Tal Hanan, amene anadzitama kuti walowerera pa zisankho za upulezidenti 33 ndipo anaonetsa pulogalamu yoyendetsa maakaunti abodza oposa 30,000. Anaonetsanso atolankhaniwo mmene ankalowera m'maakaunti a Telegram ndi Gmail a anthu oyandikana ndi William Ruto pa chisankho cha ku Kenya cha 2022. Chiwerengero cha 33 chija ndi chonena iye mwini, ndipo tichitenge monga tinatengera zonena za Nix. Koma kulowa m'maakauntiko atolankhani anakuona ndi maso.

Nanga kuno ku Malawi? Njira ya ma Like singapite patali m'dziko limene anthu oposa 80 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi, kumene wailesi, misonkhano, mipingo ndi mafumu zili ndi mphamvu kuposa masamba a mchezo. Kampani yobwera kuno ingachite zimene inachita ku Kenya: kafukufuku wamkulu wofunsa anthu mantha awo, kugawa dziko potsata zigawo, mitundu ndi zipembedzo, kenako kukonza uthenga wa gulu lililonse. Chuma chimene ingachifune kwambiri ndi nambala za foni zolumikizidwa ndi dzina la munthu ndi dera lake. Chiyambireni kulembetsa ma SIM kadi ndi chitupa cha unzika mu 2018, mndandanda wotere ulipo, ndipo timindandanda tina timapangidwa tsiku lililonse pamene anthu alemba dzina ndi nambala pofunsira ngongole, polowa mpikisano kapena polandira thandizo. Ku Zimbabwe mu 2018, ovota ambiri analandira mauthenga a pafoni owapempha kuvotera ZANU-PF, otchula ndi dera lawo lovotera lomwe, ndipo funso lakuti nambalazo zinachokera kuti linabutsa mkangano waukulu. Ku Brazil chaka chomwecho, nyuzipepala ya Folha de S.Paulo inaulula kuti amalonda ena ankalipira makampani otumiza mauthenga ochuluka pa WhatsApp onyoza chipani cha Workers' Party. WhatsApp ndi yovuta kwambiri kuilondola, chifukwa uthenga wa mawu ojambulidwa ukafika kudzera kwa mlamu wanu kapena m'gulu la kumpingo, umabwera utavala chikhulupiriro chimene muli nacho pa munthuyo, ndipo palibe kaundula wosonyeza amene anauyambitsa.

Mpikisano wathu nawonso umatha kuthina. Mu 2019 kusiyana pakati pa Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera pa zotsatira zimene khothi linazithetsa pa 3 February 2020 kunali mavoti pafupifupi 159,000, ndipo lamulo lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka limachititsa kuti chiwerengero cha anthu opita kukavota m'chigawo chilichonse chikhale nkhani yaikulu. Choncho uthenga woyenera kuuchenjerera kwambiri si wotamanda munthu, koma wonena kuti mavoti aberedwa kale, kuti andale onse ndi amodzimodzi, kuti kumalo ovotera kudzakhala ziwawa, kapena kuti tsiku lovota lasintha. Mungawaphunzitse ophunzira anu kufunsa, uthenga wotere ukafika, kuti amene angapindule iwo akakhala kunyumba ndani, ndiponso chifukwa chimene uthengawo ulibe dzina.

Pa malamulo, tili ndi poyambira. Lamulo la zipani la mu 2018 limafuna kuti zipani ziziulula thandizo lalikulu la ndalama limene zalandira, ngakhale kuti kulitsata kwakhala kofooka. Ine ndikuona kuti liyenera kufikanso pa kuulula makampani amene chipani kapena ochikonda alemba ntchito, chifukwa nkhani ya ku Nigeria ikusonyeza kuti wolipira sakhala chipani nthawi zonse. Lamulo loteteza zambiri za anthu la mu 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limapatsa munthu ufulu wofunsa bungwe kapena kampani zimene ikusunga zokhudza iye, ndi kupempha kuti zikonzedwe kapena zifufutidwe. Kenya inakhazikitsa lamulo lotere mu 2019, Zambia mu 2021, ndipo la ku South Africa linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2021.

Ufulu wofunsa umenewu ndi umene unatsegula khomo limodzi pa nkhani ya Cambridge Analytica. David Carroll, mphunzitsi wa pa koleji ina ku New York, atazindikira kuti zambiri za ovota a ku America zinkakonzedwera ku Britain, anagwiritsa ntchito lamulo la ku Britain kupempha fayilo yake mu 2017. Anam'tumizira kachigawo chabe, kosonyeza mbiri ya kavotedwe kake ndi mndandanda wa nkhani zandale zimene kompyuta inalosera kuti amaziika patsogolo, zomwe zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi mfundo 5,000 zimene Nix ankanena. Carroll anakadandaula ku ICO, ofesiyo inalamula kuti apatsidwe zonse, kampaniyo sinamvere, ndipo mu January 2019 SCL Elections, nthambi ya SCL Group yoona za zisankho, inavomera mlandu m'khothi ku London n'kulipitsidwa mapaundi 15,000. Pofika nthawiyo kampaniyo inali kale m'manja mwa oyendetsa makampani ogwa, ndipo fayilo yonseyo sinaperekedwe kwa iye.